Miyala Yamoyo ya a Zuze

Tsiku limenelo m'nyumba mwa a Zuze tinalimo anthu asanu, ndipo nditchula onse kuti mawa wina asadzati Namakhwa wabisa mboni. Munali a Fatima, mlongo wawo wa malemu, amene anali atangofika kuchokera ku Nsanje. Munali a Likoswe, wapampando wa mphakati wathu wa tchalitchi. Munali mai Chikopa, amene amatsogolera ophika pa maliro alionse kuno kumunsi kwa phiri la Mpingwe. Munali mwana wanga Jofule, uja woyendetsa minibasi ya pakati pa Limbe ndi Blantyre, bambo wa ana anai. Wachisanu ndine, Wayisoni Namakhwa, wowotcherera zitsulo. Mukaona geti loima mowongoka ku Mpingwe, dziwani kuti linadutsa m'manja mwanga. Eni nyumba munalibe. Anali ku mochale, kudikira bokosi. Mwana wawo Rozina anali m'basi yochokera ku Joni.

Munalinso thanki ya galasi yodzaza madzi a mchere, pampu yake ikung'ung'udza, getsi lake labuluu likuwala pa miyala. Ndikuitchula pamodzi ndi anthu chifukwa mlandu wonse unali pa iyo.

Papita chaka tsopano. Rozina wabwera kudzamanga chiliza, ndiye wati ndilembe za bambo ake poti ndine ndinakhala nawo kwambiri. Ine sukulu sindinapite nayo patali, bolopeni imandilemera kuposa hamala. Koma ndilemba. Vuto ndi lakuti akulu amenewa ndinawadziwa zaka zoposa makumi anai, koma mukandifunsa ngati ndinawamvetsa, ndikuyankhani kuti kaya.

Mwambo mukuudziwa. Maliro akagwa, pabalaza pamatuluka chilichonse, mipando, thebulo, kabati, kuti amayi ayale mphasa ndipo bokosi lipeze pogona. Zonse tinatulutsa. Inatsala thanki, itatenga khoma lonse la kum'mawa, pamalo enieni poyenera bokosi.

"Ichinso chituluke," anatero a Fatima.

"Ichi sichituluka," ndinatero ine. "Eni ake anandisiyira mawu."

"Eni akewo ndi mlongo wanga, si wanu. Getsi labuluu pa siwa? Mwayesa ndi bala ino? Nanga amayi aimba bwanji chinthu chikulira ngati filiji ya m'butchala?"

"Mai, ndati sichituluka!"

Mai Chikopa anati ndisakuwe pamaliro. Ndinati sindikukuwa, ndi mawu anga amenewa.

Ndiime kaye pamenepa ndibwerere m'mbuyo, apo ayi simumva chimene ndinkakanira.

A Zuze anali wokonza mawotchi pa khonde la sitolo ya Amwenye ku Limbe. Kathebulo, kampando, ndi kagalasi kotsekera pa diso limodzi, basi. Shedi yanga inali kuseri kwa sitolo yomweyo. Iwo anali aafupi, oonda, olankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Ine Mulungu anandipatsa kukhosi ndipo sindichita nako manyazi. Ankati ndikapereka moni pakhondepo timasikulu ta wotchi timadumpha pathebulo. Anali aakulu kwa ine ndi zaka khumi ndi zisanu, koma ankanditcha shamwali, ndiko kuti bwenzi m'Chisena chawo.

Khalidwe lawo limodzi linkandipsetsa mtima. Ukawafunsa funso Lolemba, yankho limabwera Lachitatu. Iwe waiwala kalekale, uli pakati powotcherera, ungomva kumbuyo kwako kamawu kakuti, "Iai, shamwali, si choncho," munthu n'kumapita. Utsale ukudzifunsa kuti si choncho chiyani.

Thanki inabwera motere. Mwana wa mwini sitolo ankaweta nsomba za m'nyanja ya mchere kunyumba kwawo. Magetsi a thankiyo ankayaka ndi kuzima okha ndi kawotchi, ndipo kakavuta ankatumiza galimoto kudzatenga a Zuze. Akabwerako ankakhala duu tsiku lonse ngati munthu wongodzuka kumaloto. Banja lija litaganiza zosamukira ku Mangalande, nsomba linagawira anzawo, koma thanki, mapampu, getsi, matumba a mchere, mchenga, mulu wa miyala youma, ndi miyala ina inai imene inkakhala m'dilamu la madzi, zonse linasiyira a Zuze. Nthawi imeneyo mai a kunyumba kwa a Zuze anali atatisiya kale, ndipo maso a a Zuze anali atayamba kukana ntchito ya wotchi.

Anthu ankati nkhalamba yapukwa kwawo kunyanja. Bodza limenelo. Anachoka ku Beira pa sitima ya pamtunda ali kumsana kwa mai awo, ndipo nyanja ya mchere sanaionepo ndi maso awo mpaka kufa. Ndiye ankafuniranji zimenezi? Ndinawafunsa. Yankho linabwera patapita masiku awiri, monga mwa nthawi zonse. Anati wotchi moyo wawo wonse ankaikakamiza ndi zala mpaka iyende, koma ichi sichikakamizika, umangochikonzera malo n'kudikira. Ndinati ngati nkhani ndi kudikira, bwanji osangokakhala pa depoti ya minibasi. Sanaseke.

Chitsulo choikapo thanki ndinawotcherera ndine. Zimenezo muzilembe pa chiliza ngati pali malo. Anandibweza katatu, ine Namakhwa, akuti kamadzi ka mu levulo, choyezera kuwongoka chija, sikali pakati penipeni. Ankati galasi lodzaza madzi silikhululuka, mwendo umodzi ukafupika ndi chikhadabo tsiku lina lidzang'aluka. Kachinai anavomera. Chitsulo chimenecho chinasenza madzi zaka zisanu ndi ziwiri osapindika.

Ine ndinkayesa kuti chitsulo chikatha tithira madzi, tiponyamo miyala, mawa nsomba. Ayi ndithu. Anadula katoni molingana ndi pansi pa thanki, n'kuiyala pathebulo lodyera, n'kuyamba kusanja miyala youma ija pakatonipo. Masabata atatu! Chakudya ankadyera pamiyendo. Asanja, abwerera chafutambuyo mpaka pachitseko, apendeketsa mutu, atsinzina diso limodzi, abwera, aphwasula. Mawa chimodzimodzi.

Tsiku lina mtima unandikwana. "Achimwene, patseni kuno. Ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba, yothinana bwino. Tiyi asanazizire ndamaliza."

Ndinamangadi khoma lokongola, loti ngakhale mbuzi ikwerepo osagwa. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Shamwali, mwamanga ndende."

Kenaka anandiphunzitsa ngati mwana wa katekisimu. Madzi ayenera kudutsa paliponse, chifukwa pamene madzi aima pamaola. Mwala usakhudze galasi, pasiyidwe polowa dzanja lopukuta. Miyala ikhale pansi penipeni mchenga usanathiridwe, poti zamoyo zina zimakumba ndipo zingagwetse phiri. Mapiri akhale awiri koma osafanana, lina lalitali, lina lalifupi, pakati pake kamsewu ka mchenga kokhota, kuti diso lizifuna kudziwa kumene kakupita. Ndipo m'munsi mwa phiri lalitali mukhale phanga. Ankati nsomba yopanda pobisala imakhala moyo wonse ikunjenjemera pakona, koma imene ili ndi pothawira ndiyo imatuluka kudzaoneka. Mawu amene anandisokoneza kwambiri ndi akuti chimene akumanga si miyala ayi, koma mipata ya pakati pa miyala. Mpaka lero ndikawaganiza mutu umandizungulira. Munthu umanga bwanji mpata?

Denga la phangalo linkagwa. Ine mwa ubwino wanga ndinabwera ndi waya wa kopa ndi kachitsulo kuti timange. Mukanaona mmene anandilandira, ngati ndabweretsa tameki pa ukwati. Akuti chitsulo m'madzi amenewa ndi poizoni. Kundiuza ine, wodya za chitsulo moyo wanga wonse, kuti chitsulo ndi poizoni! Ndinapita kwathu tiyi osamwa. Mawa lake anabwera kudzabwereka dirilo yanga. Anaboola miyala, n'kulowetsamo timitengo ta pulasitiki, n'kumata ndi phula lake louma m'madzi. Phanga linaima. Sindinawayamikire, koma linaima.

Madzinso anali ndi malamulo ake. A pampopi osalowa asanadutse mu sefa. Mchere wa kukhitchini ayi, koma wa m'matumba uja, ndipo utatha Rozina ankatumiza wina pa basi. Poyeza mchere ankadonthetsa dontho limodzi pa kachipangizo konga paipi yaifupi, n'kukaika pa diso, n'kuyang'ana kuwindo, ndendende mmene ankayang'anira m'mimba mwa wotchi. Atadzaza, anatenga miyala inai ya m'dilamu ija n'kuiika pakati pa youma. Akuti imeneyo ndi yamoyo, ndi mbewu, idzadzutsa inzake. Anaponyamo kausipa kamodzi kuti kaolere momwemo. Basi. Masabata asanu ndi limodzi thanki ikuyaka getsi, pampu ikulira, mulibe nsomba ndi imodzi yomwe.

Anthu a mumsewu ankasuzumira pawindo. "Agogo, nsomba zili kuti?" Iwo ankangoti madzi sanapse. Miyala inasanduka yofiirira ngati dzimbiri, kenaka inamera ndere zobiriwira. Ndinati zaonongeka izi, ndibweretse bulashi ya waya tikweche. Anati zikuchira. Chinthu chikunyansirabe, iwo akuti chikuchira! Koma patapita miyezi ndere zinatha, ndipo pa miyala panayamba mawanga a mtundu wa maluwa a mbatata. Anandiitanitsa kunyumba kuti ndidzaone. Akuti miyala yadzuka.

Zamoyo zinalowa pang'onopang'ono ngati alendo a mwambo. Poyamba nkhono ndi tinkhanu todya ndere. Kenaka nsomba ziwiri za mtundu wa lalanje, za malamba oyera, zoyenda modzigwedeza ngati zavala nsapato zothina. Pambuyo pake makorali, tizidutswa ngati nsonga ya chala, amene ankawapatsa bambo wina wa ku Namiwawa woweta zomwezi. Ndinafunsa kuti korali ndi chomera, nyama, kapena mwala. Anati ndi nyama yomanga mwala koma yodya kuwala ngati chomera. Ndinati sankhanipo chimodzi, akulu. Okonda kuwala ankawaika pamwamba pa phiri, amanyazi m'munsi, ndipo pakati pawo ankasiya mpata chifukwa akuti akayandikana amalumana ngati anthu a nyumba za lendi za bafa limodzi.

M'nyumba imeneyo munthu sunkalowa utadzola zonunkhira. Mankhwala opopera udzudzu sankafika ngakhale pakhonde. Asanaviike dzanja ankasamba mpaka m'chigongono popanda sopo. Mu Okutobala ankayandamitsa mabotolo a madzi oundana kuti thanki isatenthe, mu Juni ankaopa chiperoni kuposa mmene ankaopera chifuwa chawo. Magetsi akazima, batire la galimoto linali pansi pa chitsulo changa, lokonzeka. Mlendo wogogoda galasi ndi chala sankamuitananso.

Tsopano ndifike pa a Sinyoro.

Chaka chachiwiri anandiuza kuti mwalowa nsomba yachitatu. Ndinayang'ana, ndinaona ziwiri zomwe zija. Akuti imakhala m'bowo la mwala wa kumanzere kwa phanga. Anaitcha a Sinyoro, ndiko kuti bwana, chifukwa imatuluka ikafuna yokha. Anandifotokozera kuti ndi yaitali ngati chala chapakati, yotuwa, ya timadontho tabuluu, maso ali pamwamba pa mutu, ndi nsidze zoimirira ngati za ansembe okalamba.

Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa ndinkapita kumeneko. Tikhale pa mipando iwiri moyang'ana thanki.

"Tsitsani mawu, shamwali."

"Ndatsitsa!"

"Tsitsaninso. Ndipo phazi ilo lisamenye pansi."

"Ali kuti a Sinyoro anuwo?"

"Anali pakhomo pawo. Mwawabweza."

Mwambi wa maso a nkhono ndimaudziwa, musandiuze. Ine ndinadekha zaka zisanu zathunthu, osaona ngakhale mchira. Ndinkangoona nkhalamba ikutenga kachakudya ndi kachubu, kuika pakamwa pa bowo lopanda kanthu, n'kumamwetulira. Ndiye ndinachita chimene munthu wanzeru akanachita. Rozina ataimba foni kufunsa za bambo ake, ndinamuuza kuti mwanawe, mutu wa akuluwa wayamba kutha, akudyetsa nsomba yoti kulibe.

Rozina anabwera mwezi womwewo n'kuwatengera kwa dokotala wa mutu. Dokotalayo anawafunsa tsiku, mwezi, dzina la mdzukulu. Anayankha zonse, ndipo akuti anamuuzanso dokotalayo kuti wotchi ya pakhoma pake ikutsalira ndi mphindi zinai. Atabwerako sanandilankhule mwezi wathunthu. Kutchalitchi ankandipatsa dzanja la mtendere akuyang'ana kuguwa. Ine sindinapepese. Ndikanapepesa chiyani, poti nsombayo sindinaione? Mwezi utatha anatuma uthenga kuti chomangira batire chamasuka. Ndinapita, ndinamanga, anandithirira tiyi. Potuluka anangonena kuti chinthu chikabisala si ndiye kuti chasowa. Nkhani inathera pomwepo. Kaya anandikhululukira kaya ankangofuna womanga batire, sindikudziwa.

Atagonekedwa kuchipatala chachikulu ndinapita kukawaona masana. Chifuwa chinali chitawamaliza, mawu ndiye anatsala ulusi. Anandipatsa makiyi. Madzi akatsika pa mzere, ndithire osefa opanda mchere, chifukwa madzi amauluka koma mchere umatsala. Chakudya chotsina ndi zala ziwiri. Pang'ono ndiike pa bowo la a Sinyoro. Kenaka anandigwira mkono.

"Wotchi ikaima ndimaidzutsa, shamwali. Ichi chikaima sichidzuka. Musazimitse pampu. Miyala isaume."

"Ndamva, ndamva. Ine si mwana."

Anesi anabwera kudzandiuza kuti odwala ena akugona.

Masabata awiri ndinasunga mawuwo bwinobwino, ngakhale pa bowo lija ndinkaika chakudya ndikudziseka. Ndiye anatisiya, ndipo tabwerera pa tsiku lija la a Fatima.

A Likoswe ataona kuti kukuwa sikutha anandikokera pakhonde. Munthu ameneyu lilime lake ndi la mafuta.

"A Namakhwa, tonse tikudziwa kuti kuno kulibe wina wochidziwa chinthu ichi koma inu. Wina akachigwira aswa. Koma inu amene munapanga chitsulo chake ndi manja anu, mungalephere kuchisuntha masiku awiri okha n'kuchibwezeretsa? Ine sindikukhulupirira. Kapena chakukulirani?"

"Kukulira ndani?"

Mawu amenewo anatuluka okha, sindinawatume. Jofule anandiyandikira.

"Bambo, si paja anati musazimitse?"

"Iwe ukudziwa chiyani? Ukudziwa magiya basi. Tenga zidebe."

Musaganize kuti ndinachita mwaumbuli. Madzi sindinataye, ndinawakoka ndi paipi kulowa m'dilamu ndi m'zidebe. Nsomba ziwiri ndinaziika m'chidebe chakechake, ndi kapampu ka mpweya kolumikiza ku batire. Makorali a pa timiyala ting'onoting'ono ndinawaika m'beseni la madzi omwewo. Nditazula pulagi ya pampu yaikulu, nyumba inangoti zii. Zaka zisanu ndi ziwiri phokoso limenelo silinalekepo. A Fatima, amene chifikire anali asanagwetse msozi, anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira mlongo wawo.

Phanga ndinaliphwasula ndi manja anga, timitengo ta pulasitiki tikuthyoka. Ndiye vuto linabwera. Zidebe zatha, dilamu ladzaza, mabeseni otsala atengedwa ndi ophika. Ndinaima mwala waukulu uli m'manja ukudontha, anthu onse maso ali pa ine, katswiri. Ndikanati sindikudziwa poika? Mumtima ndinati mwala ndi mwala, ola limodzi sungafe.

"Kaunjikeni kuseri, pamthunzi wa mpeyala!"

Galasi tinalinyamula amuna anai kulowa nalo kuchipinda, osang'alula ngakhale pakona. Ndinatuluka ndikupukuta manja, a Likoswe akundisisita paphewa. Pamenepo mphuno yanga inamva fungo lachilendo, ngati nsomba yopserera yosakaniza ndi laimu. Ndinazungulira kuseri.

Amayi anali atasonkha moto woti aphikire nyemba za anthu obwera kumaliro. Chimphika chachikulu chinali pa mafuwa atatu. Mafuwawo anali miyala ya a Zuze.

"Mai Chikopa! Mwatani?"

"Tawapeza ataunjikidwa apa, tinayesa mwatibweretsera. Ndi abwino, bambo, sakugwedera."

Ndinagwada. Miyala inkalira, ndikunena zoona, inkalira ngati mafuta m'chiwaya. M'mabowo munkatuluka thovu. Tinyongolotsi tofiira tinkatuluka n'kugwera m'phulusa, ndi tina ta miyendo isanu ngati nyenyezi, ndi tina toti dzina lake ndilibe. Zaka zonse ndinkaiona miyala imeneyi kuseri kwa galasi, osadziwa kuti m'kati mwake muli mudzi. Mwala umodzi unaphulika, phaa! Unali wa kumanzere kwa phanga, ndinauzindikira ndi kamtengo kothyoka. Ndipo kuchokera m'ming'alu yake munagwa kanthu, n'kuphiriphitha m'mphepete mwa phulusa.

Kotalika ngati chala chapakati. Kotuwa. Timadontho tabuluu. Maso pamwamba pa mutu. Nsidze za ansembe okalamba.

Ndinalowetsa dzanja pamoto osaganiza, chipsera chake ndili nacho. Ndinathamanga kuzungulira nyumba kansomba kali m'manja. Nthawi yomweyo n'kuti galimoto ya bokosi italowa pageti, amayi atayamba nyimbo, anthu adzaza pabwalo. Ine ndikudutsa pakati pawo, nkhalamba ya imvi, ndikukuwa, "Patukani! Patukani! A Sinyoro akufa!" Ena anayesa chisoni chandizunguza mutu. Mwina chinandizunguzadi.

Ndinakaponya m'chidebe cha madzi a mchere kuchipinda. Kanagona chammbali pansi, makha ake akutsekuka pang'onopang'ono. Ndinathamanganso kukatenga mwala umodzi umene sunafike pamoto, n'kuumiza m'chidebemo. Kanakhala, kanakhala, kenaka kanadzigwedeza kamodzi n'kulowa m'bowo. Kuona kwanga konse kunali komweko. Bokosi la bwenzi langa linalowa m'nyumba ine nditagwada pa chidebe. Sindinalilandire pakhomo.

Miyala yotsala ndinaimiza m'dilamu, madzi akusefukira pansi, koma nthawi inali itapita. Rozina anafika m'mawa mwake, tinaika maliro. Tsiku lachitatu madzi a m'dilamu anali oyera ngati a mpunga, fungo lake losalowa nalo m'chipinda. Makorali ena anasanduka mafupa. Rozina anaitana bambo wa ku Namiwawa uja. Ananunkhiza miyala umodziumodzi akupukusa mutu, osandifunsa kanthu, ndipo kusafunsako kunandipweteka kuposa kutukwanidwa. Anakweza m'galimoto yake thanki, chitsulo changa, nsomba ziwiri, makorali opulumuka, ndi chidebe chija ndi mwala wake.

Ndinamuuza Rozina kuti zimene ndinanena pafoni zija ndinalakwa, nsomba inalipo. Anandiyang'ana monga mmene ndinkawayang'anira bambo ake. Ndinati afunse mai Chikopa. Mai Chikopa akuti iwo anaona phulusa lokha ndi ine ndikuthamanga. Jofule anali atanyamula bokosi. A Likoswe akuti sakumbuka. Mwezi wathawu ndinakumana ndi bambo wa ku Namiwawa pa Chichiri, ndinamuimitsa. Akuti mwala uja anauika m'thanki mwake, chakudya akaika pabowo chimatha, koma mwina ndi nkhanu. Nsomba yotero sanaionepo. "Madala, mukutsimikiza kuti inalimo?" Ndinamuyankha mpaka alonda a pamalopo anabwera. Ndiye panopa wodyetsa nkhani ya nsomba yoti palibe anaiona ndine. Kaya ili moyo, kaya inafera m'bowo tsiku lomwelo, kaya a Zuze akundiseka kumene aliko, ine mutu waima.

Dzulo tinapita ndi Jofule kukathandiza Rozina kutulutsa katundu wotsala, poti nyumbayo ailowetsa anthu a lendi. Pabalaza palibe kanthu. Pa simenti pali timabwalo tinai ta dzimbiri pamene panaima miyendo ya chitsulo changa. Pakhoma la kum'mawa penti ndi yowala pamene thanki inkatchinga, ndipo m'mbali mwake muli mchere woyera wouma umene Rozina wakwecha kawiri koma ukubwereranso. Soketi ilipo, yopanda pulagi. Pawindo patsala kachubu kodyetsera. Kuseri kwa kabati tinapeza katoni ija, itadyedwa ndi chiswe pakona. Anali atajambulapo ndi pensulo mwala uliwonse pamalo pake, ndi manambala ang'onoang'ono a wokonza mawotchi. Pamalo pa phanga sanalembepo chilichonse, anangosiya poyera.

Ndinaiyala pansi pakati pa timabwalo tinai tija, inakwana ndendende. Ndinayamba kumuonetsa Jofule kuti phiri lalitali linali apa, lalifupi apa, kamsewu ka mchenga kankakhota chonchi, mipando yathu inali apo, ndipo bowo la a Sinyoro linali apa, kumanzere. Iye ankangogwedeza mutu. Tinatseka chitseko, tinapereka makiyi.

Tili pageti, Jofule anaima n'kundiyang'ana.

"Bambo, mukudziwa kuti nthawi yonse tinali m'katimo mumalankhula monong'ona? Chibadwire ine sindinakumvenipo mukutero. Mumaopa kubweza ndani?"